Kumanga khola la nkhuku kuseri kwa nyumba ndi mapaleti, malata akale ndi matayala

Khola langa loyamba ndinalimanga tsiku limodzi, Loweruka, ndipo pofika madzulo ndinali kudziyamikira ndekha. Ndinaimika mapaleti anayi padothi penipeni, n'kuwamanga ndi waya m'makona, pamwamba n'kuponyapo malata awiri opsinja ndi njerwa. Mvula yoyamba itagwa, madzi onse a padenga la nyumba yaikulu anathera m'kholamo, nkhuku n'kumagona pamatope. Pofika Febuluwale chiswe chinali chitamaliza matabwa am'munsi, ndipo usiku wina kanyama kanalowera pamene panafumbwapo n'kupha misoti itatu. M'mawa ndinangopeza nthenga.

Lachiwiri, lomwe ndikufotokoza panoli, lapirira mvula ya zaka zingapo. Zipangizo zake ndi zotolatola zomwezo. Chasintha n'chakuti lili m'mwamba, ndi louma, ndipo mphepo imadutsamo. Ndalama zenizeni ndinaziika pa zinthu zitatu zokha: waya, misomali ndi loko. Pa zitatuzi musaumire. Zina zonse mukhoza kupempha, kutola kapena kugula motchipa.

Muyeso wake ndi mamita awiri mulitali ndi mita imodzi ndi masentimita 20 mulifupi. Mumagona bwino nkhuku zachikuda khumi, bola masana zizitulukira pabwalo. Ngati ndi za Mikolongwe, zakuda zija zochokera ku mtundu wa Black Australorp, zisapitirire zisanu ndi zitatu chifukwa ndi zamatupi akuluakulu.

Musanagwire chikwanje

Ngati mukuchita lendi, yambani mwalankhula ndi eni nyumba. Khola lomangidwa mobisa limaphwasulidwa tsiku limodzi, ndipo mkangano wake umaposa mtengo wa nkhukuzo. Anansi a kuseri kwa mpanda nawonso auzeni, makamaka ngati mukufuna kusunga tambala, pakuti iye sadziwa kuti ena agwira ntchito usiku.

Malo sankhani okwera, pamene madzi sakhazikika. Njira yosavuta yowadziwira ndi kutuluka panja mvula ili mkati n'kuona kumene madzi akuthamangira. Khola lisakhale pansi pa ndonthi za denga la nyumba, lisayandikane ndi chitsime, ndiponso lisagundane ndi mpanda, chifukwa mpanda ndi makwerero a makoswe ndi amphaka. Komabe lisatalikire kwambiri zenera la chipinda chogona. Akuba nkhuku amabwera usiku, ndipo nkhuku ikalira mufunika kuimva.

Mbali yaitali igone kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, kumaso kwake kuloze kumpoto. Chifukwa chake n'chakuti m'miyezi yozizira, Juni ndi Julaye, dzuwa kwathu kuno limadutsa chakumpoto, pamene mphepo ya mwera imawomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa. Khola likafulatira mwera n'kuyang'ana kumpoto, limalandira kadzuwa nthawi yozizira, ndipo mu Okutobala dzuwa likakhala pamutu denga limaphimba zonse.

Kusaka zipangizo

Apa m'pamene pamatha masiku, choncho musapupulume. Ine zinanditengera pafupifupi mwezi, ndikuunjika pang'onopang'ono kuseri kwa bafa.

Mufunika mapaleti asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri. Awiri akhala pansi pa khola osaphwasulidwa, enawo muwaphwasula kuti mupeze matabwa a zipupa ndi zitseko. Amapezeka kumene katundu amatsitsidwa wambiri: ku Kanengo ku Lilongwe, ku Makata ndi ku Chirimba ku Blantyre, ku Luwinga ku Mzuzu, komanso kwa anthu ogulitsa matabwa ku Mchesi kapena mumsika wa Ndirande. Osweka pang'ono ndiwo otchipa, ndipo kwa inu alibe vuto. Awiri a pansiwo okha ndiwo akhale olimba ndi ofanana kukula. Ambiri amakhala masentimita 120 mbali ina ndi 100 mbali inayo.

Yang'anani chidindo chomwe chimakhala pambali pa paleti. Likalembedwa HT, ndiye kuti thabwalo linangotenthedwa pofuna kupha tizilombo, ndipo ndi labwino. Likalembedwa MB, linafukizidwa ndi mankhwala a methyl bromide, lisiyeni. Lisiyeninso lililonse lomwe lili ndi madontho a mafuta, lonunkha mankhwala, kapena lomwe linanyamulapo mankhwala a m'munda. Nkhuku imajompha chilichonse. Matabwa ochokera m'khola la munthu wina musalandire ngakhale aulere, chifukwa amabwera ndi utitiri ndi matenda a eni ake.

Nsichi zikhale za bulugama wouma, zonenepa ngati botolo la Fanta kapena kuposerapo, zisanu ndi imodzi. Zitatu za kutsogolo zikhale mamita 2.7, zitatu za kumbuyo mamita 2.4. Mapolo omwe amisiri amachirikizira nawo konkire pomanga nyumba amatsala ambiri ntchito ikatha, ndipo kapitawo mukamupempha mwaulemu sakuvutani. Tenganiponso mitengo ina yocheperako ya mitanda ndi mapaso, ndi nsungwi zingapo.

Malata akale anayi a mafiti 6 akwana. Funsani kwa amene akufolera nyumba mwatsopano. Onjezerani tayala limodzi lakutha, chubu chakale cha njinga kapena galimoto, zigubu ziwiri za malita 20 zomwe munali mafuta ophikira, zina ziwiri za malita asanu, ndi matumba angapo opanda kanthu.

Kusitolo ya zomangira mukagule waya wa nkhuku wa maso ang'onoang'ono, wa theka la inchi. Wa maso akulu ndi wotchipa, koma khoswe ndi njoka zimadutsa, anapiye nawo amatulukira pomwepo. Wa khola lokha mamita anayi akwana, wa bwalo mudzawerengera malinga ndi malo anu. Misomali tengani ya mainchi anayi kilogalamu imodzi, ya mainchi awiri ndi theka kilogalamu imodzi, ya malata theka, ndi timisomali tokhota tokhomera waya. Zida ndi hamala, sowo, chikwanje, tepi, pulayala ndi chitsulo chozulira misomali. Zimene mulibe bwerekani kwa kalipentala wa m'dera lanu.

Kuphwasula mapaleti

Ntchito iyi ndiyo yotopetsa kuposa zonse. Misomali ya mapaleti ndi yopotana, imagwira ngati nkhupakupa, ndipo mukakanula thabwa mwamphamvu limang'ambika kumapeto. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Gonekani paleti matabwa ali pamwamba, ikani kachipika pansi pa thabwa lomwe mukufuna kuchotsa, ndipo menyani mtanda wake pang'onopang'ono, uku kenako uko, mpaka litalekana. Likakana, musalimbane nalo: dulani ndi sowo m'mphepete mwa mtanda mbali zonse ziwiri, mutsale ndi thabwa lalifupi koma lathunthu. Matabwa aafupiwo adzagwira ntchito pa zitseko ndi pa makwerero.

Msomali uliwonse wozulidwa uponyeni m'chitini nthawi yomweyo. Owongoka mudzawagwiritsanso ntchito, koma chachikulu n'chakuti ana amayenda opanda nsapato pabwalopo, ndipo nkhuku imameza kachitsulo kalikonse konyezimira.

Kuimika nsichi

Sendani makungwa onse pa nsichi ndi pa mitengo ina. Pansi pa khungwa ndi pomwe pamabisala chiswe, anankafumbwe ndi utitiri. Kenako wauzani pamoto mbali yolowa m'dothi, masentimita 60 kuchokera kunsonga, mpaka kunja kutada ngati khala koma mkati muli mwamoyo. Ambiri amapakanso oyilo wakutha wa galimoto, amene amakaniko amangopereka. Amathandizadi, koma pakani gawo lokwiririka lokha ndi pang'ono pamwamba pake, osati matabwa amene nkhuku zidzagonapo.

Poyeza maenje musavutike ndi masamu. Gonekani mapaleti awiri aja pansi moyandikana, mbali za masentimita 120 zigundane, ndipo khomani zikhomo m'makona anayi ndi pakati pa mbali zazitali, pamene mapaletiwo akumana. Zikhomozo zikhale kunja, zongokhudza m'mphepete. Mukatero khola lituluka molingana ndi mapaleti anu enieniwo, ngakhale atakhala osiyana pang'ono ndi muyeso ndatchulawu.

Kumbani maenje akuya masentimita 50. Pansi pake ikani mwala kapena chibenthu cha njerwa, thiranimo phulusa, imikani nsichi, ndipo kwirirani pang'onopang'ono mukusinja ndi mtengo. Musathire dothi lonse kamodzi. Kuti muone ngati nsichi yaima chilili, mangani mwala kuchingwe n'kuchilendewetsa pambali pake. Apa pafunika anthu awiri, wina kugwira wina kusinja.

Pansi pa khola

Yezani masentimita 90 kuchokera padothi pa nsichi imodzi, lembani, ndipo samutsirani mzerewo pa zinazo ndi chingwe chokoka bwino. Pamzerepo semani kamphako kosaya, kongokwana kukhazikapo mtanda, n'kukhoma ndi misomali ya mainchi anayi, iwiri pamfundo iliyonse. Kamphakoko musakanyozere. Msomali wokha umagonja ndi kulemera pakapita nthawi, koma mtanda wokhala pamphako sutsika. Ikani mitanda iwiri yaitali, kutsogolo ndi kumbuyo, ndi itatu yaifupi yopingasa. Kwezani mapaleti awiri aja, akhazikeni pamitandapo, khomani.

Mipata ya paleti ndi yaikulu kwambiri kwa phazi la nkhuku. Ng'ambani nsungwi, palani m'mphepete kuti zisacheke, ndipo zikhomeni m'mipatamo mpaka mpata uliwonse utsale wongolowa chala chimodzi cha mkombaphala, pafupifupi masentimita awiri. Pamenepo chitosi chimagwa pansi, mwendo suthyoka, ndipo kanyama sikalowa. Ndikudziwa ena amayala matabwa mothinana n'kuthira utuchi pamwamba. Zimatheka, koma ndiye muzisesa kawirikawiri, ndipo nthawi ya mvula utuchi wonyowa umanunkha mpaka kumsewu.

Mwendo uliwonse wa khola uvekeni chidutswa cha lata chosalala, chotalika masentimita 30, kapena beseni lakutha loboola pakati lozondotsa, chapamwamba pafupi ndi mitanda. Khoswe ndi likongwe zikafika pamenepo zimaterereka.

Denga lisanabwere chipupa

Folerani kaye, kuti mvula ikakupezani matabwa asanyowe, nanunso mugwire ntchito pamthunzi. Lumikizani nsonga za nsichi zakutsogolo ndi mtanda umodzi, zakumbuyo ndi wina, ndipo yonse iwiri itulukire masentimita 30 mbali zonse. Khomani mapaso olumikiza mitanda iwiriyi, ndipo pakati onjezanipo wachitatu wogona pa mapasowo. Popeza kutsogolo n'kotalika ndi masentimita 30, madzi athamangira kumbuyo okha.

Malata akale amabwera ndi mabowo a misomali yakale. Musanawakweze, imikani lililonse moyang'ana dzuwa kuti muone pamene pakuwala. Pokhoma yesetsani kulowetsa msomali m'bowo lakale lomwelo, pamsana pa lata osati m'ngalande, ndipo pansi pa mutu wa msomali ikani kachidutswa ka chubu. Kachubuko kamatseka bowo ngati chivundikiro. Mabowo otsala matani ndi phula. Lata lililonse likwere linzake ndi msana umodzi ndi theka, ndipo denga litulukire kutsogolo ndi kumbuyo kuti mvula yamphepo isalowe.

Lata limatentha, ndipo khola ili ndi lalifupi. M'chigwa cha Shire, ku Salima kapena ku Karonga, nkhuku zikhoza kufa ndi kutentha kokha. Yalani udzu kapena bango pamwamba pa malata n'kupsinja ndi nsungwi zomanga ndi linya. Kutentha kumatsika moti mukalowetsa dzanja mumamva kusiyana.

Zipupa ndi zitseko

Kumbuyo ndi mbali ya kum'mawa tsekani ndi matabwa a mapaleti, mothinana, kuyambira pansi mpaka kutsala masentimita 15 kuti mufike kudenga. Mpata wotsalawo tsekani ndi waya. Ndiwo potulukira mpweya wotentha ndi fungo la chitosi. Kutsogolo khomani matabwa kufika masentimita 40 okha, kumtunda konse waya. Mbali ya kumadzulo chitani chimodzimodzi.

Anthu ambiri amalakwitsa apa chifukwa cha chifundo. Amaona ngati nkhuku zizizidwa, ndiye amatseka paliponse ndi mapulasitiki. Nkhuku yaikulu ili ndi bulangete lake la nthenga, ndipo chimene chimaidwalitsa chifuwa ndi mpweya woipa wa m'khola lotsekeka. M'mawa mukatsegula chitseko n'kumva fungo loyabwa m'maso, dziwani kuti mwatseka mopitirira. Pa usiku wozizira kwambiri, monga wa chiperoni ku Thyolo ndi ku Mulanje kapena wa Juni ku Dedza, lendewetsani matumba kutsogolo ngati makatani, m'mawa n'kuwapinda.

Pokhoma waya, kokani kuti ukungike, khomani timisomali tokhota motalikana ngati chikhatho, kenako psinjani m'mphepete monse ndi kathabwa kapena nsungwi yong'amba. Galu akakankha waya wongokhoma amauzula, koma wopsinja ndi thabwa amalephera.

Zitseko zikhale ziwiri. Chachikulu kutsogolo, chotambalala masentimita 60, choti mulowetse mapewa ndi tsache n'kufika ngodya zonse. Khola lomwe simungathe kulisesa bwino mudzalitaya nokha. Chaching'ono, cha nkhuku, chikhale kumbali, masentimita 30 mulifupi ndi 35 kutalika. Pachitseko chachikulu khomani thabwa lopingasa kuchokera kungodya yam'munsi ya kumahinjesi kukafika yam'mwamba ya mbali inayo, kuti chisagwe mphuno.

Mahinjesi dulani kutayala, zidutswa zotalika ngati chikhatho, kuchokera m'mbali mwa tayala momwe mulibe mawaya. Mpeni wakuthwa wonyowetsa m'madzi a sopo umadula mosavuta. Mahinjesi otere sachita dzimbiri, salira, ndipo anga sanadukepo. Pachitseko chachikulu ikani zitatu. Loko yekha ndiye mugule weniweni, ndipo chaching'onocho chizitsekedwa ndi mpiringidzo wamkati umene mumaufikira podzera kuchitseko chachikulu.

Makwerero ndi thabwa limodzi lotambalala, lokhomedwa timitengo topingasa motalikana masentimita 10. Lisaime kwambiri. Madzulo mukatseka muzilichotsa n'kuligoneka pambali.

Zam'kati

Nkhuku imafuna kugona pamtengo. Ikani mitengo iwiri yonenepa ngati mpini wa khasu, yoyenda mulitali mwa khola, masentimita 40 kuchokera pansi. Woyamba utalikire chipupa chakumbuyo ndi masentimita 30 kuti michira isakhudze, wachiwiri utalikirane ndi woyambawo chimodzimodzi. Nkhuku iliyonse imafuna masentimita 20 kapena 25 a mtengo. Yonse iwiri ikhale yofanana kutalika, apo ayi madzulo aliwonse kudzakhala nkhondo yolimbirana wapamwamba. Musaikhomerere. Ikhazikeni pa timphanda kuti muzitha kuichotsa n'kuiyanika padzuwa.

Zisa zoikira pangani ndi zigubu za malita 20 zija. Tsukani bwino, gonekani chammbali, dulani khomo mbali imodzi koma musiye mlomo wa masentimita asanu m'munsi kuti mazira asagubuduke, boolani timabowo kumwamba, yalanimo udzu wouma. Chisa chimodzi chimakwanira nkhuku zinayi kapena zisanu. Ziikeni pangodya yamdima ya kum'mawa, pansi, motsika kuposa mitengo yogonapo ndiponso osati kunsi kwake. Zikakhala pamwamba nkhuku zimagona m'zisamo n'kuipitsa mazira. Ubwino wa chigubu ndi wakuti utitiri ulibe pobisala, ndipo mukhoza kuchitsuka ndi madzi otentha.

Zigubu za malita asanu dulani mazenera m'mbali, china cha madzi china cha madeya, n'kuzilendewetsa ndi waya kuti mlomo wake ulingane ndi msana wa nkhuku. Zikakhala pansi, zimapalasa chakudya chonse n'kuponda m'madzi.

Musanalowetse nkhuku, sungunulani laimu m'madzi n'kupaka mkati monse, makamaka m'ming'alu ndi m'mfundo. Dikirani masiku awiri kuti aume.

Bwalo

Kumudzi nkhuku zimadziyendera, koma m'tauni dimba la anansi lili pafupi, ndipo nkhuku yodya mpiru wa eni sibwerako nthawi zonse. Zingani bwalo la mamita atatu mulitali ndi mulifupi, kapena kuposerapo ngati malo alipo. Mita yoyamba kuchokera pansi ikhale ya waya, kumtunda mukhoza kumaliza ndi nsungwi kapena bango mpaka kufika msinkhu wa munthu. M'munsi pindani waya masentimita 30 kulozetsa kunja, mugoneke padothi n'kupsinja ndi njerwa zosweka. Galu amakumba patsinde penipeni pa mpanda, ndiye akapeza waya amagwa ulesi.

Pamwamba pingasani zingwe kapena ukonde wakutha chifukwa cha akabawi ndi mphamba. Neti ya udzudzu yomwe ikadali yabwino ndi ya ana anu, osati ya nkhuku. Yong'ambikang'ambika yokha ndiyo ingapite pamwamba pa bwalo, ndipo musaidalire m'mbali chifukwa khoswe amaiboola usiku umodzi.

Pakona youma ikani tayala lodzaza mchenga wosakaniza ndi phulusa kuti zizisambamo. Ndi mmene zimachotsera nsabwe ndi utitiri. Kunsi kwa khola thirani utuchi, mankhusu a mpunga kapena makoko a mtedza, ndipo muzikokola sabata iliyonse. Chitosicho unjikani padera chiwole kaye miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa chachiwisi chimawotcha mbewu. Mukaona mzere wa linthumbu ukulunjika kukhola, zungulizani phulusa lambiri patsinde pa nsichi iliyonse.

Thadzi la anapiye lisakwere m'khola ili. Timiyendo tawo timalowa m'mipata ija, ndipo makwerero sangawathe. Asungeni pansi m'chitatanga kapena m'kabokosi kotchinga ndi waya, usiku n'kuwalowetsa m'nyumba, mpaka atamera nthenga zokwanira.

Kulowetsa nkhuku

Zilowetseni madzulo, kukuda, ndipo zikhale motsekeredwa masiku atatu ndi chakudya ndi madzi. Tsiku lachinayi tsegulani kachitseko dzuwa litapendeka, kuti zisapite patali. Zambiri zimakwera zokha. Pamakhala imodzi kapena ziwiri zouma mutu zomwe zimakagona pansi pa khola. Zinyamuleni n'kuziika pamtengo masiku angapo, zizolowera.

Khola labwino siliteteza ku chitopa, matenda amene amatha kusesa khola lonse m'sabata imodzi, makamaka nyengo yotentha. Katemera wa I-2, amene amapangidwa ku Lilongwe konkuno, ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, yaikulu ndi yaing'ono yomwe, ndipo amabwerezedwa pakatha miyezi itatu kapena inayi. Funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu tsiku lomwe akutemera, ndipo gwirizanani ndi anansi kuti botolo limodzi likwanire makola angapo. Amaperekedwa kwa nkhuku zathanzi, osati zomwe zayamba kale kuwodzera. Nkhuku yatsopano, kaya mwagula kumsika kaya apongozi akupatsani, ikhale m'chitatanga kutali ndi zinzake masabata awiri isanakwere makwerero aja.